Mphatso ya a Shefe

Amake Helena,

Tangoganizani, a shefe, abwana anga a kuntchito, andipatsa chiyani pondithokoza chifukwa cha masiku onse a Lamulungu amene ndakhala ndikujambula mapulanta, mapulani omangira nyumba, iwo ali ku Misa?

Pepani kuti ndachoka muli ku dimba. Dzulo ndinalimba mtima n'kuwauza a shefe kuti ife ophunzira ntchito nafenso ndife anthu, tiyenera kupuma, makamaka ine mawa pa ubatizo wa khanda lathu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira nati, "Lázaro, wakula tsopano. Ndikupezera kanthu."

Lero m'mawa andiuza kuti ndinyamuke ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kupita ku Chidzolomondo, ndikayeze makoma a chipatala chija chinawotchedwa, tione ngati angasenzenso denga. Ulendowu unali wawo. Inu mukudziwa kuti pamsewu umenewu galimoto yotsogola ndi imene imapeza mabomba okwirira, zinazo zimangoponda pamene iyo yaponda.

Muwauze achimwene anga a Fabião kuti akaime m'malo mwanga ku ubatizo. Kazako langa, jekete lija, lili pamsomali, avale ngakhale mikono iwafupikira. Tsiku musasinthe. Mukamva mfuti musandidikire, tengani ana muthawire kuphiri pamodzi ndi anansi athu a Esperança. Mapulanta amene ali pansi pa mphasa musavutike nawo, mapepala salira.

Ndine wanu,
Lázaro

Za mphatso ija, andipezera mpando wabwino pafupi ndi woyendetsa, m'galimoto yotsogola.