Khosi la Alamu Labiriwira

Bambo a mwana,

Mukadzuka musandifunefune, ndathamangira kwa achemwali anu. Aimba foni misozi ili pafupi, akuti khosi lawo labiriwira ngati tsamba. Wachititsa ndi mkanda wofiira uja ndinawapangira sabata yatha. Ulusi unandithera, ndiye ndinautunga pa waya amene ndinasolola mu wailesi yanu yakufa ija. Pepani kuti sindinakuuzeni, koma inali itasiya kale kulankhula.

Mawa akukaonekera kwa mabwana kumene anafunsira ntchito kuja, ndiye ndanyamula sopo ndi ndimu kuti tikayese kutsuka. Zikakanika, akavala mpango wanga.

Koma chimene chikundizunguza mutu n'chakuti inenso ndakhala ndikuvala chibangili cha waya yemweyo, ndipo mkono wanga uli bwinobwino. Ndiye vuto ndi waya, thukuta lawo, kapena mafuta amene amadzola aja? Makapu awiri ali pawindo la kukhitchini musawataye, ndipo chonde musamwe. Ndaviikamo waya, wina m'madzi amchere, wina m'mafuta odzola, ndione amene ayambe kusintha.

Mikanda ina yamwazikira pansi pa tebulo. Sesani mwana asanabwere, mukudziwa kuti chilichonse amaponya m'kamwa.

Chomaliza, m'nyumba muno palibe wotuluka thukuta kuposa inu. Chibangili cha waya chimene ndakumangani kumwendo muli m'tulo musachivule mpaka ndibwere, ndipo muyendeko pang'ono padzuwa. Mukabiriwira nanunso, ndiye kuti wayayo amatero pa aliyense wa thukuta, achemwali anu alibe mlandu.

Ndine uja wopha mawailesi,
Mayi a mwana