Tamanda m'Mathithi a ku Wicklow

Amayi,

Kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Dublin tilipo, kungoti kuzizira kwayamba msanga. Achimwene a Lameki anaimba foni kuti alamu anachira, mwana wamkazi. Ati chimanga cha m'munda mwanu muja chadzaza nkhokwe, ngakhale anankafumbwe avuta. Ine ndidakagwirabe ntchito kuchipatala ku Blanchardstown, bondo lokha ndi limene layamba mwano.

Pali nkhani imene ndinakubisirani muli moyo. Mdzukulu wanu Tamanda amapalasa bwato m'mitsinje ya m'mapiri. Si bwato la asodzi ayi. Ndi kabwato kapulasitiki ka munthu mmodzi, amati kayaki, ndipo amatsika nako m'mathithi mwadala. Ndikanakuuzani bwanji inu, amene mtsinje wa Ruo unakulandani mlongo wanga Yohane ali ndi zaka zisanu ndi zinayi? Paja munkati, "Madzi alibe nthambi, ukagwamo ugwira chiyani?" Mawu amenewa ndinamubwerezera Tamanda mpaka tinatha mwezi tikungopatsana moni ngati anthu apabasi.

Mwezi watha, mvula itagwa masiku atatu, anandipeza kukhitchini nati, "Mami, bwerani mudzaone kamodzi kokha. Mukakana mutaona, ndidzamvera." Chichewa chake chopindika chija, koma anayesetsa. Ndinapita.

Tinayenda pagalimoto mpaka kumapiri a Wicklow, kenako wapansi m'matope. Kulibe nyumba kumeneko, nkhosa zokhazokha. Mtsinje wake ndi wopapatiza, madzi oderako ngati tiyi wopanda mkaka, mkokomo woti mnzako akamalankhula umangoona milomo. Tamanda ndi anzake analipo asanu. Chinandidabwitsa n'chakuti sanathamangire m'madzi. Anayamba ayenda m'mbali, kuloza mwala uliwonse, kupangana podutsa. Bambo wina waimvi anayang'ana mathithiwo, napukusa mutu, nasenza bwato lake kulambalala, ndipo palibe anamuseka. Awiri anakaima pamiyala, zingwe zili m'manja.

Tamanda anatsika wachiwiri. Pakati pa miyala iwiri ikuluikulu anadutsa bwinobwino, koma pansi pa mathithi madzi anamugubuduza, mutu pansi. Ndinangoona msana wa bwato, wofiira, ukuzungulira m'thovu. Amayi, ndinakuwa, koma dzina limene linatuluka ndi la Yohane. Kenako nkhafi inatulukira, mwana anapotokola thupi, bwato n'kutembenuka, mutu uwo, chisoti chili m'malo, akulavula madzi. Anapalasa mpaka podikha, nakweza nkhafi kuti ndimuone. Anzake ati zinangotenga masekondi faifi. Ine ndinali nditakhala kale pansi m'matope.

Atatuluka, milomo ili njenjenje, ndinafuna kumukalipira koma ndinangomugwira masaya. Anandiuza kuti kudzuka koteroko anakuphunzira kwa zaka ziwiri m'madzi odikha asanayerekeze kubwera kuno, ndipo kuti akanalephera, chingwe chinali chokonzeka. Pobwerera anandifunsa kuti Yohane ndani kwenikweni. Ndinamuuza zonse, koyamba: kuti anaterereka akutsuka miyendo pochokera kusukulu, kuti tinalipo anthu oposa khumi pamtunda, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira. Anaimika galimoto pambali pa msewu, tinalira tonse, kenako tinamwa tiyi wa m'fulasiki atazizira kale.

Mantha sanathe, ndisakunamizeni. Mvula ikamagwa Lachisanu mtima umakhala m'mwamba, podziwa kuti Loweruka apita. Koma sindinamuletse, ndipo masiku ano ndine ndimamuyanikira zovala zake zonunkha mtsinje zija.

Tsono imvani izi. Ndalembetsa maphunziro a kusambira, Lachiwiri lililonse ndikaweruka. Ine ndi zaka fifite-thuu zangazi, kachipewa karabala kumutu, mphunzitsi akundigwira pamimba ngati khanda! Sekani ndithu, ndikudziwa mukuseka. Sabata ino ndaviika nkhope m'madzi koyamba, maso ali otsegula. Ndikukulonjezani kuti sindisiya mpaka nditawoloka dziwe lonse lophunziriramo kusambiralo osagwira m'mbali.

Gonani mumtendere, Amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Esinati