Lachinayi la Bambo Athu pa Chigayo

Gornji Brezik,
14 Okutobala 2016

Okondedwa achemwali anga a Zumreta,

Ndikhulupirira muli bwino ku Sweden kozizirako pamodzi ndi ana. Ine miyendo ndi yomwe ija, koma lero sindikuimva n'komwe. Khalani pansi, achemwali. Kwabwera kalata yochokera ku Sarajevo, ndipo oweruza a khoti lalikulu la chitaganya afafaniza zigamulo zonse ziwiri zimene zinapatsa Hasib tsiku lathu la pa chigayo. Zonse ziwiri! Ndaiwerenga kanayi, kachisanu wandiwerengera ndi mayi wa ku positi, poti mawu ena ndi aatali kuposa sukulu yanga.

Ndikukumbutseni, popeza makalata anga a mlandu mumayankha nkhani ya nyengo. Pa chigayo cha madzi chija banja lililonse lili ndi tsiku lake. Agogo anali ndi awiri: Lachitatu anasiyira bambo aang'ono, Lachinayi bambo athu. Nditabwerera kumudzi nkhondo itatha, ndinapeza Hasib, mwana wa bambo aang'onowo, akusunga kiyi masiku onse awiri. Ine mwana wa mwini tsiku ndizikapempha kwa iye kuti ndigayeko chimanga changa?

Ku khoti la m'tauni woweruza anali mmodzi. Anamva mboni za Hasib, nati munthu amene wagaya zaka zonsezi popanda womuletsa, tsikulo ndi lake. Ndinachita apilo ku khoti la chigawo. Kumeneko oweruza ndi atatu, ndipo atatu onsewo anavomereza za mnzawo. Loya wanga anati pamwamba pali lina, koma sililandira mlandu uliwonse. Wathu linaulandira.

Izi sindinakuuzenipo. Chaka chatha nditamva kuti mapepala afika ku Sarajevo, ndinavala suti, n'kukwera basi, kathumba ka ufa wa pa chigayo chathu kali m'khwapa, kuti oweruza aununkhize adziwe chimene tikulimbirana. Mawu oti ndikanene ndinali nditawaloweza sabata yathunthu. Pakhomo ndinapeza mlonda.

"Agogo, mukufuna ndani?"

"Oweruza. Ndabwera kudzalankhula."

"Kuno samva anthu, amawerenga mapepala. Ntchito yawo n'kuona ngati anzawo a m'munsi anatsata lamulo."

"Ndiye adziwa bwanji kuti sindinama, osandiyang'ana m'maso?"

"Mwina mwayi wanu ndi womwewo," anatero akuseka. "Ufawonso bisani, angati ziphuphu."

Ndinabwerera nawo. Potsika basi Hasib anali pakhonde la nyumba yomwera khofi ya Avdo akumwa khofi. "Akulu, mwabwerako?" anakuwa. "Oweruza aukonda ufa, kapena akuti ndi wamisere?" Khonde lonse linaseka. Chisanu chonse ndinakhala ndi mawu amenewo.

Koma anthu aja amawerengadi, achemwali. Apeza tsamba limene ndinatchula mboni yanga imodzi yokhala kunja, yomwe khoti loyamba silinaiitane. Akuti mlandu sungaweruzidwe mboniyo isanamvedwe, choncho ubwerere m'tauni uyambirenso, pa 6 Disembala. Mboniyo ndinu.

M'mawa uno ndapita kwa Avdo kalata ili m'manja, ndaiyala pa tebulo la Hasib.

"Wapambana chiyani?" wafunsa. "Zaka zisanu ndi zinayi kukwera masitepe, akutsitsira pansi, iwe n'kumavina."

"Pansi pomwepo ndi pamene adzakhale a Zumreta," ndamuyankha.

Wayamba wamaliza khofi wake. "Ndawalembera kale," watero.

Ndiye kalata yake mwina yafika yanga isanafike, ndipo ndikudziwa zimene wakukumbutsani. Chaka chimene bambo aang'ono anathyoka msana m'nkhalango, ana asanu ali kukamwa yasa, anabwera kwathu. Inu munkakanda buledi. Bambo anawauza kuti atenge Lachinayi azigayira anthu, adyetse ana ndi ufa wa malipiro. Munamva. Chimene simudziwa n'chakuti inenso ndinamva, ndinali kuseri kwa chitseko ndikuvula nsapato. Loya sindinamuuze. M'makhoti onse atatu muli mapepala onena kuti ine sindidziwa mmene Hasib anapezera kiyi.

Komatu bambo sanathere pamenepo. Anati, "Tenga mpaka ana akule." Ine ndinamva choncho. Anawo anakula, achemwali, Hasib mutu uli mbuu ndi imvi, ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Zaka makumi asanu ndakhala ndikubwereza mawu amenewa, moti masiku ena sindidziwanso ngati anatuluka m'kamwa mwa bambo kapena mwanga. Onse amene anali m'khitchini muja anapita. Mwatsala inu.

Loya akuti mukhoza kupereka umboni muli komweko, kudzera ku khoti la kwanuko, pa pepala. Chonde musatero. Mapepala andichitira zabwino, koma izi ndikufuna kuzimva ndili pa benchi, inu mutaima patsogolo. Sindikupemphani kuti muname. Munene chiganizo chonse mmene munachimvera. Chikakhala chachifupi kuposa changa, ndidzadziwa kuti ndadana ndi mbale wanga chifukwa cha mawu amene ndinawonjezera ndekha, ndipo ndidzaona chochita.

Moni kwa mwana wanu Senad ndi mkazi wake, ndi kwa ana awo amene ndimangowadziwa pa zithunzi. Manda a mayi ndinalambula. Chipinda chanu chakumtunda ndayamba kusonkhamo moto kuti chinyezi chichoke, poti patha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi musanagonemo. Mudzabwere ndi nsapato zolimba, Disembala kuno ndi matope. Ngakhale mukaikire kumbuyo Hasib, mudzafikire kwa ine.

Ndine mlongo wanu,
Sefik