Pulinta ya Bambo Yagwira

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi wotupa uja unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima uli m'malere, ndipo chifukwa chake muchipeza kumapeto. Musadumphe mizere, ndimakudziwani.

Katundu munatumiza pa basi uja ndinalandira, kompyuta ya bambo ndi pulinta yake, zitakulungidwa m'bulangete lakale la amayi. Pa foni munandiuza kuti bambo anangoti zinthuzo zinafa kalekale, mukam'patse uja amadziwa zonse uja. Ndinaseka, koma zinandiwawa. Patha zaka ziwiri chisiyireni uphunzitsi n'kubwera kuno kudzasoka, sanandilankhulepo, dzina langa salitchula, ndiye mawu oyamba akhale amenewo?

Komabe pulinta ndinkaifuna. Mapatani a madiresi ndimakasindikiza kwa bambo wina wa fotokope kumsika, ndipo mzere wake umandidyera theka la tsiku. Choncho ndinasuntha makina osokera n'kuika zonse pa tebulo lodulira nsalu. Kompyuta inayaka bwinobwino. Pulinta nayo inayatsa kagetsi kake kobiriwira n'kulira ngati yakonzeka, koma ndikaituma kuti isindikize, zii.

Ndinalimbana nayo masiku anayi. Ndinasintha chingwe, ndinapukuta fumbi, ndinaimenyako m'mbali ngati mmene bambo ankachitira ndi wailesi. Mapeto ake ndinakafunsa wa fotokope uja. Anandiuza kuti vuto si pulinta ayi, koma kapulogalamu kotchedwa dalaiva, kamene kamachititsa kuti kompyuta iizindikire pulinta yake. Anati ukaika dalaiva yolakwika, ngakhale udine mpaka chala chitupe, palibe chimene chingatuluke. Anandilangiza kuti ndione nambala pa kapepala komata kunsi kwa pulinta, ndiifufuze pa intaneti.

Achemwali, pa intaneti pali atambwali. Nditalemba nambala ija panabwera masamba ambirimbiri, lililonse lili ndi mabatani atatu, onse akuti dinani pano. Ine ndi phuma langa ndinadina lalikulu kwambiri. Chimene chinalowa si dalaiva, koma chinthu chongotulutsa malonda a mankhwala ochepetsa thupi. Bandulo ya intaneti inathera pomwepo, diresi la mkwatibwi wa eni ake lili pampando losapinda.

Ndinabwerera kwa wa fotokope mwamanyazi. Anaseka mpaka misozi, n'kundikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anandilembera papepala kuti ndichotse chinthu chija, ndipite pa tsamba la kampani yopanga pulintayo basi, ndisankhe dalaiva yogwirizana ndi kompyuta yakale ngati iyi, ndipo chingwe ndisalumikize mpaka kompyuta itandiuza yokha.

Lamlungu masana ndinatsatira pepala lija mzere ndi mzere. Apa m'pamene ndinaona kuti bambo anaika dalaiva ya pulinta ina yongofanana ndi yawo. Mumawadziwa, kufunsa munthu amakuona ngati kudzichotsa ulemu.

Nditalumikiza chingwe, ndisanadine chilichonse, pulinta inayamba kukoka mapepala yokha. Ndinkayesa ndawononganso china. Mawa lake wa fotokope anandifotokozera kuti zimene munthu anatuma pulinta isakugwira zimangodikira pamzere, ndipo ikagwira zimatuluka zonse.

Inatuluka kalata, Achemwali. Ya bambo, yolembera ine, ya chaka chatha mwezi umene amayi anagonekedwa kuchipatala. Inatuluka kasanu ndi kanayi, yomweyomweyo. Ndikuchita kuwaona atakhala pamenepo, magalasi ali pamphuno, akudina, kudikira, kudinanso, kukalipira makina. Zonse sindikulemberani. Ayamba ndi dzina lija ankanditchula ndili mwana, Nkhutukumve. Akuti tsiku lija ndinawauza zosiya uphunzitsi analankhula mopyola muyeso, akuti malaya ndinawasokera aja amavala ngakhale sanandithokoze, ndipo akuti khomo lawo silinatsekedwe. Ndinakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu n'kulira.

Chiyambire tsikulo sindikukhazikika. Dzanja la bulauzi ndalisoka mozondoka kawiri. Kodi anaiwala kuti kalatayo ili m'menemo? Kapena ananditumizira dala, podziwa kuti sindigonja mpaka nditaikonza? Nanga ngati anasintha maganizo? Paja cholembera ndi pepala ali nazo, koma chaka chonse chatha osalemba. Ndimatenga foni kuti ndiwaimbire, n'kuibwezanso pansi. Ndikuopa, Achemwali. Kukanidwa kamodzi ndinapirira, kachiwiri sindingathe.

Pempho langa ndi limodzi. Kalata ino musawaonetse. Mukapita kukawaona Loweruka, mungowauza kuti uja amadziwa zonse uja wakonza pulinta, ndipo zonse zimene zinatsakamira zatuluka. Mukatero mukhale chete, ndikudziwa kuti zimakuvutani, muwayang'ane kumaso, kenako mundiimbire. Akayamba kufunsa za inki ndi chingwe, ndidziwa kuti ndiyenera kudikirabe. Koma akavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, monga amachitira akamabisa misozi, ndikwera basi ya Lolemba.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Kwa bambo musapereke, moni wawo ndikufuna ndikapereke ndekha.

Ndine mng'ono wanu,
Nkhutukumve uja