Chigwembe cha Gwape

Lachiwiri, 22 Epulo

Amayi a ana abwera kuchokera ku ofesi ya zankhalango nkhope ili gwa. Sindinafunse, ndinangowapatsa madzi akumwa, kenako anayamba okha. Akuti mpikisano wathu wothamanga m'phiri ukhoza kuthera chaka chino. Mkulu wa zankhalango, uja timamutcha a Chipewa, wanena mosapsatira: pamtsetse wa pamwamba pa kasupe pakapondedwanso kunja kwa njira, za chilolezo cha chaka chamawa tiiwale.

A Chipewa sindingawanene. Njira pamenepo ndi yokhotakhota, koma othamanga amangodulira molunjika. Mvula yapitayi madzi anatsata mapazi awo n'kukumba chigwembe choti ine ndi chimimba changachi nditha kugonamo. Matope onse anakathera m'kasupe, momwe anthu a m'tsinde mwa phiri amatunga.

Woyambitsa chidulecho ndani? Mlamu wanga Gwape, mlongo wawo wamng'ono wa amayiwa. Wapambana kawiri kotsatizana chifukwa cha pomwepo.

Mkazi wangayu anayamba mpikisanowu ndi anthu osadzaza minibasi. Lero amabwera mazanamazana. Ukatha sindikudziwa kuti m'nyumba muno mudzakhala bwanji.

Lachitatu, 23 Epulo

Kushopu sindinasoke kanthu ka kasitomala. Chaka chino amayi a ana alamula kuti timapepala ta pulasitiki tolozera njira ayi, chifukwa ta chaka chatha tikadali lende m'mitengo. Ndiye telala wa m'nyumba adule tinsalu totsala. Ndinadula thumba lathunthu, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Atabwera anatulutsa kamodzi n'kukayang'ana.

"Abambo, nsalu yobiriwira m'nkhalango aiona ndani? Anyani?"

Ndayambiranso ndi zofiira zotsala pa yunifomu ya kwaya. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Timakapu totaya natonso aletsa, aliyense abwere ndi kapu yake. A kampani ya zakumwa anafuna kutipatsa timabotolo galimoto yathunthu. Ndinawamva amayi a ana pafoni akuthokoza mwaulemu wonse, kenako n'kukana, n'kupempha zigubu za mpopi. Anavomera! Ine ndikanangoti zikomo bwana.

Loweruka, 26 Epulo

Tsiku la miyala. Gwape anafika atavala zothamangira, osati kudzagwira ntchito koma kudzadandaula. "Asisi, mukundidula miyendo. Pokwera amandisiya, pamene ndimawagwirira ndi pomwepa."

Iwo sanakweze mawu. Anamupatsa thumba. "Dzenjeli ndi lako. Ukalikwirira ndikupatsa nambala."

Atatero anapinda nkhata, mwala pamutu, uyo patsogolo. Mkazi wa ana akuluakulu, mawondo olira ngati chitseko, koma anakwera mtsetse uja kambirimbiri osapuma. Tonse manyazi anatigwira. Gwape anasenza akung'ung'udza, koma anasenza.

Lolemba, 28 Epulo

Msana. Ngakhale kuponda makina ndalephera.

Lachinayi, 1 Meyi

Chigwembe chadzaza. Tayala mizere ya miyala yotchinga madzi, pakati tadzala udzu, m'mbali mwa njira takoka chingwe cha khonje. Chondiseketsa n'chakuti amene wasanduka kapitawo ndi Gwape. Mwala wanga anaugwetsa ndi phazi. "Alamu, uku sikusoka batani. Waukulu pansi." Masiku onsewa wakhala akutunga madzi kukasupe kudzathirira udzu, akuti ndi masewera olimbitsa miyendo. Chabwino, tinene kuti ndi masewera.

Apongozi anabwera madzulo ndi mlandu, akuti mwana wawo tikumutopetsa dala kuti chikho chipite kwa alendo. Amayi a ana anangowasenderezera mpando n'kupitiriza kumanga tinsalu m'mitolo.

Lachisanu, 2 Meyi

Amayi a ana andiika pakhota loyamba la pamtsetse, ndi wezulo. Ine! Ndinati bwanji osaikapo wamphamvu. Akuti, "Inu mumadzaza njira." Sindikudziwa ngati kunali kundiyamikira.

Kwa othamanga anena kamodzi kokha: wodumpha chingwe watuluka mumpikisano, kaya ndi ndani. Ponena "kaya ndi ndani" anthu onse anatembenukira kwa Gwape.

Loweruka, 3 Meyi

Ndilembe zisanandithawe.

Woyamba kutulukira pamwamba anali Gwape, kumbuyo kwake mlendo wamtali wa malaya achikasu. Pakhota langa Gwape anakhota bwinobwino. Mlendo uja sanakhote. Anafuna kulumpha chingwe, phazi linakola, chikhomo chinazuka, iye n'kutsetsereka pa udzu wathu mpaka njira ya m'munsi, n'kupitirira. Ndinaliza wezulo mpaka makutu kuwawa. Chingwe chili pansi, khomo lili pululu, ndipo pamwamba chigulu chikubwera ngati ng'ombe zaona madzi. Ndinatambasula manja, koma chimimba chokha sichikanatseka malo onsewo. Mumtima ndinati basi, zatha.

Ndinangomva kupuma kumbuyo kwanga. Gwape wabwerera, akukwera. Anatola chingwe, anachikulunga padzanja n'kuima pomwe panali chikhomo. "Alamu, gwirani uko, kokani."

Ndinati thamanga iwe, uja watuluka kale, chikho n'chako. Sanandiyang'ane n'komwe. Ankangokalipira aliyense wofika: "Njira ndi iyo! Miyala imeneyi ndinasenza ndine!" Wina anamuseka, "Gwape, wasanduka mtengo?" Iye, "Dutsa, dutsa." Amene ankawasiya kutali chaka chilichonse anamudutsa mmodzimmodzi, iye akuwaona. Chingwe chinamucheka chikhatho, magazi mpaka pachigongono. Anachoka chigulu chitatha, nditakhomanso chikhomo ndi mwala.

Ine maso anandilowa fumbi. Ndilembe zoona, ndinalira. Mnyamata amene ndakhala ndikumutcha wamatama chikwatirire!

Zapomaliza ndamva kwa mwana wathu wamkazi. Akuti apongozi ataona achilendo okhaokha akulowa anayamba kufunsa za ambulansi. Mlendo wa malaya achikasu anafika woyamba, manja m'mwamba, amayi a ana n'kumuuza pamaso pa anthu kuti watuluka. Anakalipa, iwo anangomudikira amalize. Chikho chapita kwa mphunzitsi wina wamanyazi. Gwape analowa pakati pa chigulu, ndipo asisi ake anamuveka okha mendulo yathabwa, ija amalandira aliyense womaliza.

Lamulungu, 4 Meyi

Tayenda njira yonse kumasula tinsalu. Zinyalala za mpikisano wonse sizinadzaze thumba limodzi, chaka chatha tinachita kubwereka ngolo. Koma mkwasa wa mlendo uja ukuoneka, mzere wofiira kuchokera pakhota mpaka pansi, udzu wozuka. Ndinati tikonze msanga a Chipewa asanaone. Amayi a ana anakana. "Aone momwe zilili. Sindikufuna chilolezo chakuba."

Ndinakwiya pang'ono, chifukwa akuika pachiswe ntchito yawo yomwe. Koma ndi mmene alili, ndipo ndi chimene ndinawakondera.

Apongozi sakutilankhula. Gwape foni sakuyankha.

Lachiwiri, 6 Meyi

A Chipewa anafika m'mawa. Tinakwera atatu. Pamtsetse tinapeza Gwape atakhala pamwala, dzanja lomanga bandeji, kathini kothirira udzu kali pambali. Mkwasa uja sanaukhudze, asisi ake anali atamutumizira mawu.

Mkuluyo anatsika pang'onopang'ono, akuwerama, akugwira dothi. Pamkwasa anaima nthawi yaitali. Anafunsa kuti anadutsapo angati.

"Mmodzi," anatero amayi a ana.

"Enawo anawaletsa ndani?"

Iwo anayang'ana bandeji ija, kenako anatsikira kukasupe, anatunga madzi ndi manja n'kumwa. Pobwera anavula chipewa, koyamba ine kuona dazi lawo.

"Mayi, konzani apa mvula isanabwere. Tionana chaka chamawa."

Atapita, amayi a ana anangoti khwa pansi pomwe anaimapo, nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinasowa pogwira. Gwape anaimirira, anawayang'ana, anakanda m'mutu.

"Asisi, dzukani. Mwakhalira udzu."

Anasendera pamwala, akulirabe. Iye anagwada n'kuyamba kuudzutsa ndi dzanja lake labwinolo.