Kagalu Kodikira Dzina Lochokera ku Namadzi

Woolwich, London
14 Meyi 2024

Okondedwa achemwali anga a Charity,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Namadzi. Mawondo aja akukuvutanibe? Kuzizira kwayamba tsopano, musamapite kudimba m'mamawa opanda juzi. Za ng'amba ndamva, ndipo zandikhudza kuti m'munda wa kumtunda mwapezamo matumba anayi okha pomwe chaka chatha mudakolola khumi ndi limodzi. Ine kuno ndili bwino, mtima ukumvera mankhwala.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe timayankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Ndayesa kawiri konse kukuuzani nkhaniyi, koma inu mukangoyamba za penti ndi makatani a nyumba yanga ya kumudziko, ndimangoisiya nkhaniyo. Ndiye ndapatsira Vitu, mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, amene akukwera ndege Lachinayi. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo mufike kumapeto musanandiyimbire.

Ndiyambe ndi Bruce. Tsiku limene ndidakuuzani kuti wafa mudandipepesa, kenako mudaseka n'kundifunsa ngati kuno maliro a galu amakhala ndi kwaya. Sindidakwiye. Nanenso ndidakulira pakhomo lomwelo pomwe galu ankagona paphulusa n'kumadya zotsala. Koma inu mudangomuona pa zithunzi, ndiye ndiloleni ndikuuzeni kuti adali ndani.

Agalu a mtundu wake kuno amati kogi. Thupi lalitali, makutu ali njo ngati a nkhandwe, miyendo yaifupi ngati ya kampando ka kukhitchini. Ndidamuyeza: kuchokera pansi kufika paphewa adali masentimita 28 basi. Makolo ake ankakusa ng'ombe ku Wales poziluma zidendene, ndipo iye posowa ng'ombe ankakusa ife. Amayi a mapemphero a Lachitatu akabwera kwathu, onse asanu ndi atatu, Bruce ankafuna onse akhale pabalaza. Wina akadzuka kupita kukhitchini ankamutsatira n'kumubweza, akumugunda ndi mphuno kumbuyo kwa mwendo, kenako n'kugona pakhomo kuti pasatulukenso munthu. Ndimakhulupirira kuti nayenso ankawerenga. Mwina n'chifukwa chake tidamvana.

Adabwera naye ndi malemu alamu anu a Goodwell mu Januwale 2010, chaka chimene adapuma ntchito yoyendetsa mabasi. Dzina adamupatsa la bwana wawo wa kudepoti, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Ankati zaka makumi awiri akhala akulamulidwa ndi Bruce, tsopano nawonso akufuna kuuza Bruce kuti akhale pansi, iye n'kukhaladi.

A Goodwell atatisiya mu 2018, Bruce ankakakhala pakhomo nthawi ya 4 koloko masana, nthawi imene iwo ankabwera kuchokera kogula nyuzipepala. Adachita zimenezi masiku 63. Tsiku la 64 sadapite pakhomo. Adatenga chingwe chake pakamwa, n'kudzachiponya pamapazi anga, n'kundiyang'ana ngati hedimasitala amene wapeza mphunzitsi akuwodzera m'kalasi. Ndidavala jasi. Kuchokera pakhomo pathu kufika pa benchi ya ku Woolwich Common, bwalo lalikulu la udzu komwe anthu amayendetsa agalu, ndi mapazi 1,140. M'zaka zisanu ndi chimodzi tidajomba masiku asanu ndi anayi okha.

Chimene ndimamulemekeza nacho kwambiri ndi mmene adakalambira. Atakwana zaka 12 miyendo yakumbuyo idayamba kufooka, zikhadabo zikukwekwereza pansi. Mwana wanga Melissa, yemwe ndi mwana wanunso, adamugulira kangolo ka mateyala awiri komangirira m'chiuno. Ine ndidachita manyazi kuyenda naye choncho, koma mwiniwake ayi. Tsiku loyamba lomwelo adathamangitsa nkhunda, kangolo kakulira pambuyo. Masitepe okwera kufulati kwathu alipo 14, ndipo atalephera kuwakwera ndidayamba kumubereka kumsana ndi chitenje chobiriwira chija mudanditumizira. Makilo 12, achemwali, kukwera kawiri ndi kutsika kawiri tsiku lililonse. Mzimayi wa ku Ghana wa fulati ya pansi adasuzumira kuti aone mdzukulu, atapeza makutu a galu adaitana dzina la Yesu katatu. Bruce adangomuyang'ana ali phe, ngati mfumu ya pa machira.

Sadadandaulepo. Mbale yake adaisiya ndi chakudya kamodzi kokha, dzulo lake la tsiku lomaliza. Pa 9 Febuluwale dokotala wa ziweto adabwera kunyumba, adamubaya jakisoni mutu wake uli pamiyendo panga, ndipo adagona. Adali ndi zaka 14 ndi miyezi itatu. Phulusa lake lili m'kabokosi pashelefu, pambali pa chithunzi cha alamu anu. Sekani ngati mukufuna.

Tsopano ndifike pa nkhani yeniyeni. Mukukumbukira kuti a Goodwell atamwalira mudandiuza kuti ndibwerere kumudzi, kuti mkazi wamasiye sakhala yekha pakati pa alendo. Ine ndidayankha kuti ndidzabwera galu akadzafa. Mudavomera, ndipo kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse munkafunsa za moyo wa galu musanafunse za wanga. Ndikudziwa zimene mwachita chiyambire Febuluwale. Mwapentetsa zipinda zonse zinayi, mwakonzetsa denga, mwadzala mapeyala atatu kuseri, mwauza mpingo wonse kuti Ellen akubwera. Melissa adandionetsa kavidiyo ka inu mukusesa pabwalo pa nyumba yopanda munthu.

Nanenso ndidayesa. Ndidatsitsa masutikesi atatu, ndidadzaza imodzi. Koma Bruce atapita, mapazi anga a pa tsiku adatsika kuchoka pa 6,000 kufika pa 400. Sabata ina ndidayankhula maso ndi maso ndi anthu awiri okha, ndipo m'modzi adali wobweretsa katundu amene adalakwitsa khomo. Melissa atabwera kuchokera ku Wembley adandiyang'ana n'kunena, m'Chingerezi chake chija, kuti ndikufota ngati masamba oiwalidwa mufiriji.

Ndiye ndidachita zomwe ndidaphunzitsa ana a anthu zaka 38 m'kalasi la masamu. Ndidatenga kope, ndidalemba mzere pakati, n'kudzifunsa kuti ndani angazindikire ngati tsiku lina sindidatsegule makatani. Mbali ya Namadzi ndidapeza anthu anayi: inu, mlongo wathu Maurice, mlamu wathu mkazi wa Maurice, ndi aNachisale amene tidapitira limodzi ku chinamwali. Ena onse amene ankandidziwa ndisanachoke mu 1989 ali kumanda. Mbali ya Woolwich ndidapeza 27. Mwa amenewa, 19 ndidawadziwa chifukwa cha Bruce, ndipo ena sindidziwa n'komwe maina a makolo awo, ndimangoti amake a galu wakuti. Pansi pake ndidaonjezera adzukulu awiri, ndi manda a alamu anu ku Plumstead, komwe ndimafika pa basi imodzi. Ndidabwereza samuyo katatu pa masiku osiyana. Yankho silidasinthe. Ndidazindikira kuti zaka zonsezi ndinkabisala kumbuyo kwa galu wa masentimita 28.

Pakati pa anthu 19 aja pali Carol, mayi wachizungu amene amaweta makogi. Galu wake adaswa ana asanu ndi m'modzi. Asanu adatengedwa, kadatsala kakakazi kamodzi kamene anthu ankakakana chifukwa khutu lina lidagwa, silimaima. Carol adandiitana kuti ndikangomwa tiyi, adalumbira kuti palibe china. Ndisanamalize kapu, kagaluko kadaluma chingwe cha nsapato yanga n'kuyamba kundikokera kukhomo. Adali pa 3 Meyi, masiku 84 chimwalirire Bruce. Ndidabwera nako kunyumba m'dengu, pa basi.

Ndikudziwa tanthauzo la zimenezi, ndidawerengera ndisanakanyamule. Ndili ndi zaka 73. Kogi amakhala zaka ngati 13. Ikafika nthawi yake, ngati Mulungu alola, ine ndidzakhala ndi 86. Carol adandifunsa mosapsatira kuti adzakasunga ndani ndikatsogola ine, ndipo Melissa adasayina pepala kuti ndi iye.

Choncho achemwali, sindibwera kudzakhala. Lonjezo lija ndaliphwanya, ndipo ndaliphwanya ndili maso, palibe wandikakamiza. Mlandu si wa Melissa, si wa Carol, si wa galu. Mu Ogasiti ndibwera kudzacheza masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndizichita choncho chaka chilichonse miyendo ikamalola. Nyumbayo lowanimo inu. Muchoke m'nyumba yodontha ija. Penti mudasankha ndinu, ndipo kunena zoona mtundu wachikasu uja ndi wa kumtima kwanu, osati kwanga. Mungondisungira chipinda cha kum'mawa.

Kagaluka kali pano, kakutafuna mwendo wa tebulo limene ndikulemberapo. M'masiku 11 kawononga masilipasi awiri ndi chingwe chotchajira foni, ndipo ndakolopa pansi ka 17. Koma ndi kolimba mtima. Sitepe yoyamba kadaiyesa kasanu ndi kanayi, kakugwa chagada, kufikira kadakwera. Katafika pamwamba kadauwa kamodzi, ngati kuti kakulengeza zotsatira. Lachitatu lapitali kadayesa kukusa amayi a mapemphero, palibe amene adakaphunzitsa. Mapazi anga abwerera pa 3,500.

Pempho langa ndi limodzi. Kagaluka kalibe dzina, ndipo ndikufuna mukatche ndinu.

Mukudziwa mmene bambo athu ankachitira. Sankakangana ndi munthu, mawu awo ankaika pa galu. Amalume atabwereka khasu osabweza, galu wathu adali Sindinaiwale, ndipo madzulo alionse bambo ankamuitana mokweza atayang'ana kunyumba kwa amalume, mpaka khasulo lidabwera lokha. Anthu atawanena kuti akuphunzitsa ana aakazi pachabe, adabwera Adzatopa. Achimwene athu aakulu atapita ku Joni osalemba, tidali ndi Kulibekalata. Agalu a bambo ndikukumbukira asanu, ndipo aliyense adali ndi munthu wake. Wachisanu ndi chimodzi adatchedwa ndi mayi, chaka chimene achimwene adabwerera wodwala, ali ndi kachikwama kamodzi. Bambo adakhala sabata yathunthu osawayankhula. Mayi adangotola kagalu kwa aneba, n'kuimirira pabwalo, n'kukaitana kuti Zidatha. Tsiku lomwelo bambo ndi achimwene adadyera mbale imodzi.

Inu ndi ine tidatengera bambo. Ndikudziwa kuti pa foni mudzanena kuti palibe kanthu, kuti zonse ndi za Mulungu, kenako mudzalira nokha kuseri kwa mapeyala aja. Sindikufuna zimenezo. Zimene zili mumtima mwanu ziikeni pa galuyu. Mukafuna kumutcha Wabodza, kapena Tidadikira, kapena lina lowawa kuposa pamenepo, ndilandira. Sindidzalisintha, sindidzalifupikitsa, ndipo azungu akandifunsa tanthauzo lake ndidzawauza zoona. Ndawerengera kuti munthu amaitana galu wake pafupifupi ka 40 pa tsiku. Pa zaka 13 ndi maulendo 189,800. Ndidzaliitana ndi pakamwa panga, pakati pa Woolwich Common, anthu akumva. Ndikuganiza kuti chindapusa chimenecho n'chokwanira.

Koma musachedwe. Pa 31 Meyi kakukabayitsa katemera wachiwiri, ndipo mtsikana wa kuchipatala cha ziweto adati khadi silingapitirire kukhala ndi mpata pa dzina. Komanso kayamba kutembenuka ndikati iwe, ndipo zikapitirira kadzaganiza kuti dzina lake ndi lomwelo. Vitu akakupatsani kalatayi Loweruka, muli ndi masiku 13.

Mundiperekere moni kwa mlongo wathu Maurice ndi mlamu wathu, muwauze kuti magalasi owerengera ali m'phukusi limene lili ndi Vitu. Moni kwa ana anu onse ndi adzukulu, kwa aNachisale, ndi kwa amayi a mvano amene mudawauza kuti ndikubwera. Amenewo ndidzawapepesa ndekha mu Ogasiti. Melissa, mwamuna wake ndi ana akupereka moni.

Mukayimba musavutike ndi malonje. Mungonena dzinalo. Foni ndidzaiyika pansi pafupi ndi khutu limene limaimalo, kuti kalimve koyamba kuchokera kwa inu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Ellen