Nthochi ya Samisoni

Lachiwiri, 9 Julho

Mwera waleka. Bwato la mlongo wanga Samisoni lapezeka lovundikira kufupi ndi Meluluca. Mwini wake ayi. Anzake awiri anasambira mpaka kumtunda. Zaituni, mkazi wake, tsiku lonse pamchenga, mwana kumsana. Mafuta a injini ofufuzira mawa ndachita kubwereka.

Lachisanu, 12 Julho

Afufuza, atopa, abwerera ku usipa. Sindiwada, nawonso ali ndi ana.

Amama sakudya. Madzi okha. Imfa si imene ikuwavuta, aiona yambiri. Ndi manda. Akuti tsiku la kuuka, lipenga likadzalira kumanda a tchalitchi, Samisoni adzalimva bwanji pansi pa nyanja? Ndinafuna kuseka. Ndinatuluka panja kukalira.

Lamulungu, 14 Julho

Atsibweni Isaka afika kuchokera ku Nkholongue ndi nzeru ya akale: thunthu la nthochi, kulikulunga nsalu yoyera, kuliika m'manda m'malo mwa mtembo. Adula kale, lili pakhonde. Amama: "Ndiye Ambuye adzadzutse nthochi, ine ndiikumbatire ndizinena mwana wanga?" Atsibweni anatanganidwa ndi fodya wawo.

Pa misa a padre anati mwini nthaka ndiye mwini madzi. Mawu abwino. Amama anawamvera ngati wailesi ya kwa aneba.

Lachitatu, 17 Julho

Chitenje chayamba kuwazungulira kawiri amama. Denise, namwino wa ku posito, kachipatala kathu, akuti zikapitirira tiwatengere ku chipatala cha ku Metangula. Zaituni, Msilamu yemwe amama ankamunena kuti sadziwa kukoleza moto, wagwada ndi phala m'mawa ndi masana. Labwerera lozizira. Tataya mmodzi, wachiwiri akudzipereka yekha.

Lachinayi, 18 Julho

Ndachita mwano, dala. Ndawafunsa amama za ababa, omwe anafera m'njira pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, nakwiriridwa kuthengo ndi anthu osawadziwa. Kuyambira tili ana amatiuza kuti tidzawaona. Ndati, nanga lipenga lija kuthengo lidzafika?

"Atate ako Mulungu akudziwa pomwe anawagoneka. Usandifunse zachibwana."

Ndinangoyang'ana kunyanja. Nawonso anayang'ana komweko, nthawi yaitali. Kenako: "Pakamwa pako mpa atate ako."

Loweruka, 20 Julho

Dzulo amama anadya phala supuni zochepa. Lero mbale yonse, n'kudandaula kuti mchere wachepa. Zaituni anathamangira mchere ngati wapambana mpikisano.

Thunthu alamula lipite kwa mbuzi. Manda opanda munthu sakuwafuna. A padre avomera kudzachita mapemphero a maliro pamchenga Lolemba, pomwe bwato linkakocheza. Atsibweni anyinyirika za nsalu yomwe anagula kale. Amama ati ikhale ya pa guwa.

Madzulo amama andituma khasu. Akumba mphukira patsinde pomwe atsibweni anadula, aibzala kuseri kwa nyumba ya Zaituni, kuti mwana adzadye nthochi za atate ake. Akupondereza dothi ndi phazi anati: "Samisoni agone komwe Mwini wamugoneka. Nkhawa yanga yatsala imodzi. Mwana wanga uja ngwovuta kudzutsa. Lipengalo adzalize kawiri."

Zaituni waseka, koyamba chichitikire. Kenako walira, amama amugwira mutu.

Akundiitana. Ati mphukira siithiriridwa ndi cholembera.